Yoga ya thukuta: mitundu yake ndi kusiyana kwake

Anzanga a m'makalabu, mukamva mawu akuti yoga mumaganiza chiyani? Ambiri timaona munthu atakhala pansi, atapinda miyendo, atatsinzina, ali duu ngati wagona chokhala. Yoga yotero ilipodi. Koma palinso ina yoti munthu akaichita mphindi 30 zokha, malaya amanyoweratu ngati akuchokera kudimba, mikono ili njenjenje. Imeneyo ndiyo tikambirane lero.

Amene muli ndi foni ya intaneti mwina munaonapo mavidiyo olembedwa kuti Ashtanga, Power Yoga, Vinyasa, Bikram kapena Iyengar. Mayinawa amasokoneza, ndipo mphunzitsi aliyense amatama wake. Koma musaope mayina. Kuti musiyanitse mtundu wina ndi unzake, ingofunsani mafunso anayi. Kodi ndondomeko yake ndi imodzimodzi tsiku lililonse kapena imasintha? Kodi amathamanga kapena amadekha? Kodi amakhalitsa bwanji pa kaimidwe kamodzi? Nanga chipindacho amachitenthetsa? Mukadziwa zimenezi mutha kusankha yokuyenerani, osavulala, komanso osapusitsidwa ndi munthu.

Zinayambira kuti?

Yoga kwawo ndi ku India ndipo ndi yakalekale. Koma iyi ya thukutayi si yakale kwenikweni ayi. Kum'mwera kwa India kuli mzinda wa Mysore, womwe masiku ano umalembedwa kuti Mysuru. M'zaka za m'ma 1930, mfumu ya kumeneko inapatsa malo mphunzitsi wina dzina lake Tirumalai Krishnamacharya kuti aziphunzitsa yoga m'nyumba yachifumu yotchedwa Jaganmohan. Ophunzira ake ambiri anali anyamata a msinkhu wathu uno ndi ocheperapo. Paja mnyamata kumuuza kuti akhale chete ola lathunthu ndi nkhondo. Ndiye mkuluyu ankawapatsa zodumpha, zowerama ndi zonyamula thupi ndi manja, chimodzi pambuyo pa chinzake osaima. Wofufuza wina, Mark Singleton, analemba m'buku lake la 2010 lotchedwa Yoga Body kuti yoga ya ku Mysore inatengerako zina ku masewera olimbitsa thupi a nthawi imeneyo, a ku India komweko ndi a ku Ulaya.

Mwa anyamata amene anaphunzira kwa Krishnamacharya, awiri anadzatchuka dziko lonse: K. Pattabhi Jois ndi B.K.S. Iyengar. Mitundu yambiri yomwe titchule pano ndi nthambi za mtengo umenewu. Wa Bikram wokha ndiwo unamera kwina.

Mphamvuzo zimachokera pati?

Mu yoga mulibe zitsulo zonyamula. Katundu ndi thupi lanu lomwe. Kaimidwe kapena kakhalidwe kalikonse ka thupi amakatcha asana, ndipo pali maimidwe angapo amene mudzawapeza pafupifupi m'kalasi iliyonse ya thukuta.

Koyamba ndi ka thabwa. Zikhatho ndi zala za kumapazi zili pansi, thupi lonse lili m'malere, lowongoka ngati thabwa. Kachiwiri ndi chaturanga: kuchokera pa thabwa paja mumapinda zigongono moyandikana ndi nthiti, n'kutsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi, ngati theka la push-up. Kachitatu ndi ka galu wodziwongola: manja ndi mapazi pansi, chiuno m'mwamba, thupi kuoneka ngati denga la nyumba. Palinso ka mpando, pomwe mumakhala pampando woti palibepo, ndi ka msilikali, pomwe mumatangadza miyendo, bondo la kutsogolo lopinda, mikono yotambasula.

Minofu imalimba m'njira ziwiri. Ina ndi yogwira katundu osasuntha, monga umachitira ukaima ndi ndowa yodzaza m'manja kudikira mnzako akutwike. Ina ndi yobwereza chinthu chimodzi kambirimbiri, monga kusinja. Mitundu ina ya yoga imadalira njira yoyambayo, ina yachiwiriyo. Ndipo yonse imaphunzitsa kupuma ndi mphuno mofatsa ngakhale thupi likumva kuwawa kwa ntchito.

Ashtanga: ndondomeko yosasintha

Uwu ndi mtundu wa Pattabhi Jois, amene anatsegula sukulu yake ku Mysore mu 1948 ndipo anamwalira mu 2009. Mawu akuti ashtanga amatanthauza ziwalo zisanu ndi zitatu, kuchokera m'buku lakale la Patanjali lonena za yoga.

Mu Ashtanga simusankha chochita. Pali magawo 6, kuyambira loyamba mpaka lovutitsitsa, ndipo gawo lililonse lili ndi mndandanda wake womwe sausintha. Anthu ambiri amatha zaka ali pagawo loyamba lomwelo, lomwe limatenga pafupifupi mphindi 90. Amayamba ndi Surya Namaskar, kutanthauza kulonjera dzuwa: kuimirira, kukweza manja, kuwerama, kudumphira kumbuyo, chaturanga, kutukula chifuwa, galu wodziwongola, kudumphira kutsogolo, n'kuimiriranso. Nthawi zambiri amachita mtundu woyamba wa malonjewa kasanu, wachiwiri kasanunso. Mu woyamba muli chaturanga mmodzi, mu wachiwiri atatu. Werengani nokha: ndi ma chaturanga 20 amenewo, koma kalasi yangoyamba kumene!

Pa kaimidwe kalikonse amakhalapo mpweya usanu, ndiye kuti kukoka ndi kutulutsa kasanu, kenaka n'kupita pa kena. Amapuma ndi mphuno, pakhosi atathinitsa pang'ono, moti mpweya umamveka ngati mafunde a kunyanja. Kapumidwe kameneka amakatcha ujjayi. Maso nawo ali ndi poyang'ana pake, kaya pansonga pa mphuno, kaya pachala chachikulu, kuti maganizo asamayendeyende.

Mwambo wake ndi woti azichita masiku 6 pa sabata, m'mamawa, n'kupumula tsiku lomwe mwezi uli wathunthu ndi lomwe suoneka konse. M'kalasi yotchedwa Mysore mphunzitsi saima kutsogolo n'kumalamula. Aliyense amachita payekha zomwe analoweza, pa liwiro lake, ndipo mphunzitsi amangozungulira kuthandiza. Sakupatsa kaimidwe katsopano usanakhoze kam'mbuyo.

Ubwino wake ndi woti ukaloweza sufunanso wina wokuuza, ndipo umaona wekha kuti mwezi uno ndapita patsogolo. Kuipa kwake n'koti kubwereza zomwezomwezo tsiku ndi tsiku kumatopetsa mapewa, polumikizira dzanja ndi mawondo, makamaka kwa munthu wopupuluma.

Power Yoga: Ashtanga womasula malamulo

Jois anapita koyamba ku California, m'dziko la America, mu 1975, ndipo anthu a kumeneko anayamba kuphunzira Ashtanga. Ena mwa iwo anaona kuti malamulo achuluka. Anatenga thukuta lake, n'kusiya mndandanda wosasintha uja. Awiri amene amatchulidwa kuti ndiwo anatchukitsa dzina lakuti Power Yoga ndi Beryl Bender Birch wa ku New York, amene anatulutsa buku la dzina lomwelo mu 1995, ndi Bryan Kest wa ku California. Mawuwa amangotanthauza yoga ya mphamvu.

Apa mphunzitsi ndiye amakonza za tsikulo. Lero atha kulimbikira miyendo, mawa pamimba, mkuja mapewa. Nthawi zambiri amakukhazikani pa thabwa kapena pa mpando uja nthawi yotalikirapo mpaka ntchafu zitayamba kuyaka moto. Ndi mtundu womwe unalowa kwambiri m'majimu. Mphunzitsi winanso, Baron Baptiste, anakonza Power Yoga yakeyake yochitira m'chipinda chotenthetsa, koma osafika pa kutentha kwa Bikram komwe tikambe posachedwa.

Chenjezo n'lakuti dzinali lilibe mwini. Aliyense atha kulemba Power Yoga pachitseko kapena pavidiyo, wodziwa ndi wosadziwa yemwe.

Vinyasa: kuyenda ndi mpweya

Mawu akuti vinyasa amanena za kulumikiza kusuntha kwa thupi ndi kupuma. Pokoka mpweya mumatukuka kapena kutambasuka, potulutsa mumawerama kapena kutsika. Ashtanga ndi Power Yoga zonse zimachita zimenezi, koma pakalembedwa kuti Vinyasa kapena Flow, dziwani kuti ndi kalasi yosaima, yoyenda ngati madzi mumtsinje, kawirikawiri ndi nyimbo, ndipo mphunzitsi amapeka yekha ndondomeko monga amachitira wotsogolera gule.

Popeza sakhalitsa pamodzi, mtima umagunda kwambiri, mpweya n'kumaperewera ngati uli pabwalo la mpira. Kulimba kwake kumadalira mphunzitsi: kalasi ina ndi yofewa, ina ndi yoti ukatuluka miyendo sikufuna. Vuto lake kwa woyamba kumene ndi liwiro. Umangothamangira kuti usatsalire, osadziwa ngati bondo kapena phewa waliika bwino.

M'banja lomweli mulinso Rocket, yomwe anayambitsa Larry Schultz ku San Francisco. Iye anasakaniza magawo a Ashtanga kuti ophunzira ayese zovuta, monga kuima ndi manja, osadikira zaka. Mulinso Jivamukti, ya Sharon Gannon ndi David Life a ku New York, yomwe inayamba mu 1984 ndipo imaphatikiza thukuta ndi nyimbo, ziphunzitso za ku India komanso kusadya nyama.

Bikram ndi yoga ya m'chipinda chotentha

Bikram Choudhury anabadwira ku Calcutta, komwe lero ndi Kolkata, ndipo yoga yake inachokera ku sukulu ya Bishnu Ghosh ya mumzinda womwewo. Anakhazikika ku California m'zaka za m'ma 1970. Kalasi yake ndi ya mphindi 90, maimidwe 26 ndi njira ziwiri za kapumidwe, m'chipinda cha magalasi chotenthetsedwa kufika madigiri 40, chachinyezi. Ndondomeko yake siisintha, ndipo pafupifupi kaimidwe kalikonse amakachita kawiri. Mulibe kulonjera dzuwa, mulibe chaturanga. Theka loyamba n'loimirira, nthawi zina ndi mwendo umodzi, lachiwiri n'lapansi. Choncho imalimbitsa kwambiri miyendo ndi msana kuposa mikono.

Choudhury ankati mndandanda wa maimidwe 26 aja ndi wake ndipo wina asauphunzitse popanda chilolezo chake. Mu 2015 khoti la apilo ku America linagamula kuti mndandandawo sungakhale katundu wa munthu mmodzi. Lero malo ambiri amangoti Hot Yoga, kutanthauza yoga yotentha, ndipo ena amachitira Vinyasa m'chipinda choterocho.

Apa tiuzane zoona. Mudzamva kuti thukuta limachotsa poizoni m'thupi. Ayi ndithu. Thukuta ndi madzi ndi kamchere. Ntchito yosefa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso. Ndipo sikelo ikatsika pambuyo pa kalasi yotentha, atuluka ndi madzi, osati mafuta. Mukamwa madzi ibwerera pomwe inali. Kutentha kumafewetsa thupi moti umatha kudzikoka mopyola muyeso osamva, n'kudzazindikira mawa lake. Kumabweretsanso chizungulire, mseru, ngakhale kukomoka. Anzathu a ku Nsanje ndi Chikwawa akudziwa bwino madigiri 40 a mu Okutobala, sangafune wina awafotokozere. Tsono pasapezeke wotseka mawindo kapena kuyatsa mbaula m'nyumba kuti atsanzire Bikram. Utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha.

Iyengar: kudekha koma kowawa

B.K.S. Iyengar anali mwana wodwaladwala. Anadwalapo malungo, TB ndi tayifodi asanapite kukakhala kwa mlamu wake Krishnamacharya. Koma anakhala ndi moyo mpaka zaka 95, kumwalira mu 2014. Buku lake la Light on Yoga linatuluka mu 1966, ndipo sukulu yake ku Pune inatsegulidwa mu 1975.

Ukaonera kalasi ya Iyengar ungati ndi yophweka, chifukwa sathamanga ndipo sadumphadumpha. Yesani muone. Amakuimikani pa kaimidwe kamodzi mphindi yathunthu kapena kuposa, uku mphunzitsi akukonza phazi, bondo, chiuno ndi khosi mpaka chilichonse chikhale pamzere wake. Ndi ndowa ija yodikira kutwikidwa. Iyengar ndi amenenso anatchukitsa zothandizira: timatabwa tokhuthala ngati njerwa, malamba, mabulangete, mipando ndi zingwe zapakhoma. Ngati dzanja silikufika pansi, umaliika pa kathabwa m'malo mopinda msana molakwika. Kwa munthu woyamba, nzeru imeneyi ndi yofunika kuposa liwiro. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikaziika pamodzi

Tibwerere ku mafunso anayi aja. Ashtanga: ndondomeko siisintha, imathamanga, mpweya usanu pa kaimidwe, moto umachokera m'thupi mwako. Power Yoga: imasintha, imathamanga koma imakukhazika pa zowawa, nthawi zina m'chipinda chotentha. Vinyasa: imasintha, siima. Bikram: siisintha, siithamanga, koma chipinda ndi ng'anjo. Iyengar: imasintha, imadekha, imakhalitsa, ilibe zotenthetsa.

Pali chimodzi chomwe yonseyi imaperewera. Yoga imakankha pansi kwambiri koma ilibe zokoka. Mphamvu yokoka ife tili nayo kale: khasu, nkhwangwa ndi chingwe cha pachitsime zimatipatsa. Chomwe ntchito zimenezi sizitipatsa ndi kuwongola msana ndi kumasula chiuno ndi kuseri kwa ntchafu titawerama tsiku lonse. Apo ndi pomwe yoga ingamuthandize mnyamata kapena mtsikana wa kumudzi.

Ena mufunsa kuti, kodi si chipembedzo chimenechi? Mizu ya yoga ili m'zikhulupiriro za ku India, makamaka Chihindu, sitingabise. Kalasi ya Ashtanga imayamba ndi mawu oimba m'chinenero cha Sanskrit, ndipo Jivamukti ili ndi zauzimu zambiri. Makalasi ambiri a Power Yoga ndi a m'majimu anazisiya zimenezo, n'kutsala ndi masewera okhaokha. Muli ndi ufulu wofunsa musanalowe, ndi wokana chomwe mtima wanu sukugwirizana nacho.

Mphunzitsi si mwini thupi lanu

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mu yoga mphunzitsi nthawi zina amagwira wophunzira kuti amukonze kaimidwe, ndipo ena mwa otchuka aja anapezerapo mwayi. Amayi angapo anasumira Bikram Choudhury kuti anawachitira nkhanza zokhudza kugonana. Iye anakana. Mu 2016 khoti la ku Los Angeles linamulamula kulipira madola oposa 6 miliyoni kwa mayi amene anali loya wake, yemwe anati ankamuzunza ndipo anamuchotsa ntchito atayamba kufufuza madandaulo a amayi ena. Choudhury anachoka ku America osalipira, ndipo mu 2017 khoti linatulutsa chikalata choti amangidwe. Pattabhi Jois naye, atamwalira, amayi amene anali ophunzira ake anaulula kuti ankawagwira malo osayenera ponamizira kuwakonza. Mu 2019 mdzukulu wake Sharath Jois, amene analowa m'malo mwake, anavomera poyera kuti zimenezi zinkachitika ndipo anadandaula nazo.

Chifukwa chiyani zinatenga zaka kuti zimveke? Chifukwa ophunzira ankauzidwa kuti mphunzitsi salakwa, ndipo amene ankaona ankangoyang'ana kumbali. Izi si za ku India ndi ku America kokha. Zimachitika kulikonse komwe wina ali ndi mphamvu pa anzake, kaya ku mpira, ku kwaya kapena ku kalabu. Lamulo ndi limodzi: wokugwirani ayambe wapempha, ndipo mukati ayi akhale ayi. Wina akakuitanani kuti akakuphunzitseni panokha kuseri, pitani ndi mnzanu kapena musapite. Zikachitika, musasunge mumtima. Uzani mkulu amene mumamukhulupirira kapena pitani ku polisi. Wolakwa ndi wogwirayo, osati wogwiridwa.

Nanga tikafuna kuyesa?

Musaganize kuti yoga ya thukuta ndi ya anthu a ndalama okha. Ku Nairobi, m'dziko la Kenya, bungwe la Africa Yoga Project lomwe anayambitsa Paige Elenson ndi Baron Baptiste mu 2007 lakhala likuphunzitsa achinyamata a m'madera osauka kukhala aphunzitsi a Power Yoga, iwo n'kumakaphunzitsa anzawo kwaulere m'madera mwawo. Ndipo chiyambire 2015, pa 21 Juni chaka chilichonse ndi tsiku la yoga padziko lonse, malinga ndi chigamulo cha bungwe la United Nations cha mu 2014.

Zofunika ndi zochepa: malo osalala a pamthunzi, mkeka wosaterereka, zovala zomasuka ndi madzi akumwa. Njerwa yokulunga m'nsalu ilowa m'malo mwa kathabwa, chitenje m'malo mwa lamba. Chitani m'mamawa kapena madzulo, osati mutangodya nsima. Yambani ndi mphindi 15, kulonjera dzuwa katatu, mawondo ali pansi pochita chaturanga. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Minofu kuyaka kapena kunjenjemera si vuto, koma ululu wobaya pabondo, paphewa, pakhosi kapena pamsana ukutanthauza kuti lekani pomwepo. Mukaona kuti simukuthanso kupuma ndi mphuno mofatsa, mwapyola muyeso, pumulani. Zoima ndi mutu zisiyeni kufikira mutapeza wodziwa wokuyang'anirani. Amene ali woyembekezera, wa BP, wa vuto la mtima, wa khunyu kapena amene wangochira kumene ayambe wafunsa kuchipatala.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, linati ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa masiku osachepera atatu pa sabata, ndipo akuluakulu masiku osachepera awiri. Malangizowa anatchulanso anthu amene ali ndi HIV kuti masewera olimbitsa thupi ndi abwino kwa iwo. Choncho mnzathu amene akumwa ma ARV asasalidwe pamkeka. Koma timvetsetsane: palibe mtundu wa yoga, wotentha kapena wozizira, umene umachiza HIV kapena kulowa m'malo mwa mankhwala. Wokuuzani zotero akukunamizani.

Zokambirana ku kalabu sabata ino

1. Mwa mitundu isanu ikuluikulu yomwe tafotokoza, ndi uti ungatheke pa kalabu yathu ndi zomwe tili nazo? Chifukwa chiyani?

2. Ndi ntchito ziti za tsiku ndi tsiku zomwe zimatilimbitsa kale, nanga ndi ziwalo ziti zomwe zimatiwawa tikaweruka?

3. Kodi pa masewera a pa kalabu yathu tili ndi lamulo lanji pa nkhani yogwirana? Ngati palibe, tiyeni tilipange lero, tililembe, tilimate pakhoma.

4. Mnzathu atatiuza kuti wotsogolera wina wamugwira mosayenera, tingamuperekeze kwa yani?